Nkhope ya Dotun

Kalata ya akwawo kwa Sanya inakhala pamwamba pa kanema wa alamu anga masabata khumi ndi limodzi. Ndinkawerenga masabatawo chifukwa nkhoswe ndinali ine. Inabwera monga zimabwerera kalata zofunsira mbeta kuno ku Lagos, yokulungidwa m'pepala lagolide, yomangidwa ndi riboni yofiira, pamodzi ndi dengu la zipatso. Zipatsozo tinadya. Kalatayo inangokhala, fumbi likuunjikana pa riboni.

Kalata yotere imafuna inzake. Akwawo kwa mtsikana akalemba yovomera, ukwati wayamba. Akabweza yomweyo, zathera pompo. Alamu anga, amake Dotun ndi Rolayo, mtsikana wofunsiridwayo, sanalembe ndipo sanabweze.

Lamulungu lina nditaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi mpaka ku Ebute Metta, nditatsimikiza mtima kuti lero ndichoka ndi yankho. Ndinawapeza akuthira petulo mu jenereta.

"Alamu, mwafika bwino. Khalani uko, musanditchinge. Watsala pang'ono kutuluka."

"Ine ndabwerera kalata."

"Kalata sithawa. Folo koloko ndiye imathawa."

Dotun, mwana woyamba wa malemu achimwene anga, anamwalira zaka zinayi zapitazo. Ankanyamula anthu pa njinga yamoto, lole n'kumupeza pa Ojuelegba. Amake sanaone mtembo, ndipo mpaka lero sadziwa pamene pali manda, chifukwa kwathu kholo siliyang'ana mwana wake atafa. Tinakamuika ndife. Mlongo wake, Rolayo, sanalire pamaliro. Anangotenga pensulo n'kuyamba kujambula timabuku ta zithunzi ta ngwazi ina yotchedwa Awodi, munthu wa mapiko a kabawi amene amauluka pamwamba pa milatho kupulumutsa anthu ku ngozi. Nkhope ya Awodiyo inali ya Dotun: mpata wa pakati pa mano, chipsera cha pansidze, zonse. Ana asukulu anapenga nato timabukuto, a mafilimu n'kubwera ndi mapepala awo. Rolayo anasaina.

Mwini filimuyo, a Okonta, ndi munthu wochenjera. Sanafune katswiri wotchuka amene mawa angayambe matama. Anaumbitsa nkhope ya mphira yofanana ndendende ndi chithunzi, kuti aliyense wa msinkhu wabwino athe kuivala. Anaivala ndi Sanya, mnyamata wa ku Abeokuta wodziwa kudumpha ndi kugwa osathyoka. Kumeneko n'kumene anadziwana ndi Rolayo.

Zinalakwika tsiku limodzi lokha. Rolayo anatenga amake kuti akaone kumene amajambulira. Nkhope ija amaimata ndi guluu, kumata maola awiri, kuchotsa ola lathunthu. Sanya ataona mayi wamkulu akulowa, anachita zimene mwana woleredwa bwino amachita: anadzigwetsa chafufumimba pa simenti n'kunena kuti, "Takulandirani, amayi." Anaiwala kuti wavala nkhope ya ndani. Atadzutsa mutu, alamu anga anaona Dotun akuwayang'ana kuchokera pansi.

Sanakomoke. Anangoti, "Waonda."

Tsopano folo koloko inakwana, malipenga analira pa kanema, Awodi n'kutulukira pamwamba pa mlatho, mapiko ali tambalale. Alamu anga anakokera mpando pafupi.

"Taonani, mphepo yonseyi iye chifuwa chili pamtunda. Iwe, kumbuyo kwako! Kumbuyo!" Awodi anatembenuka n'kugwira chigawenga pakhosi. "Mwaona? Amandimvera. Ali moyo sankandimvera chonchi."

Ndinadikira mpaka mayina atayamba kukwera.

"Alamu, mutu wanu uli bwinobwino. Mumagulitsa nsalu ku Balogun ndipo palibe amene amakupusitsani. Mukudziwa kuti uja ndi Sanya."

"Ndikudziwa."

"Nanga?"

"Ndi Sanya kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu folo koloko ndi wanga. Inu mukufuna ndilembe kalata yoti Rolayo azikagona ndi munthu amene amadzuka m'mawa n'kukavala nkhope ya mlongo wake? Mdzukulu ndidzamuuza kuti chiyani akaloza pa kanemapo? Kuti awo ndi atate ako, kapena amalume ako?"

"Ndi mphira, alamu."

"Mphira wakeyo amadya nyemba zanga Lachitatu lililonse."

Zinali zoona. Lachitatu lililonse ankatumiza nyemba ndi nthochi zokazinga kojambulirako, chakudya cha pamtima cha Dotun. Sanya nyemba zimamutsegula m'mimba, koma ankadya mpaka kupukuta mbale.

"Nanga atavula nkhopeyo? Atasiya ntchitoyo?"

Anazimitsa kanema.

"Akavula ndi mwana wa eni. Mwana wa eni ndikhoza kumulembera. Koma sangavule. Dotun sangandisiye kawiri."

* * *

Awiriwa ankakumanira kwanga ku Yaba, pakhonde, ine ndili m'khitchini chitseko chili pululu. Sindibisa kuti ndinkamvetsera. Nkhoswe yosamva kanthu ndi yachabe.

Lachiwiri lotsatira kunali mvula. Sanya anafika atanyowa, masaya ali psuu, osupuka ndi guluu ngati wapsa ndi phala. Atandiona anayamba kudzigwetsa pansi.

"Dzuka iwe. Kugona pansi kwakoku n'kumene kwatifikitsa pano."

Rolayo sanamupatse moni. Anangomuikira foni kumaso. Panali chithunzi cha Ejiro, mtsikana amene amasewera ngati bwenzi la Awodi mu filimuyo. Anali m'manja mwa Awodi, mutu atautsamiritsa pachifuwa, ndipo m'munsi analembamo kuti Lagos yonse iwerenge: "Wanga ndekha."

"Ndi ntchito, Rola. A Okonta amamuuza kuti aziika zithunzi kuti anthu azionera."

"Anamuuzanso kuti dzanja aliike pakhosi pako chonchi?"

"Si khosi langa limenelo. Mphira amafika mpaka apa."

"Nanga dzanja lili m'chiuno mwakeli? Nalonso ndi mphira? Chala chopindikachi ndimachidziwa ine."

"Tinali pa zingwe, m'mwamba kuposa denga ili. Ndikanapanda kumugwira akanagwa."

"Udzamusiye agwe kamodzi, tione ngati nsidze zojambulazo zimafufutika."

Ndinatsokomola kuti ndisaseke. Sanya anaseka pang'ono, koma Rolayo ayi. Anakhala pa benchi, foni ili pamwendo, n'kumayang'ana madzi akutsika padenga.

"Ukudziwa chimene chimandipweteka? Ndikaona chithunzichi sindidziwa kuti ndikukwiyira ndani. Mtima wina ukuti kamkazi aka kagwira mwamuna wanga. Mtima wina ukuti achimwene apeza mkazi, usangalale. Nkhope ija ndinaijambula kuti ndisaiwale. Tsopano iwe ukaseka ndimayamba kufufuza mpata wa mano."

"Ndiye undiyang'ane panopa. Palibe guluu, palibe kanthu. Ndine."

Anamuyang'ana. Koma posakhalitsa maso anawabwezera kumadzi aja.

Sanya anapukuta kumaso ndi malaya onyowa. "Amayi anga anaimbanso dzulo. Akuti anthu akutchalitchi ayamba kufunsa ngati banja lathu lili ndi khate. Akuti Loweruka lomaliza la mwezi uno likadutsa popanda yankho, atumiza amalume kudzatenga kalata yawo. Kuli namwino wina kwathu, mwana wa a dikoni."

"Wokongola?"

"Sindinamuone."

"Pita ukamuone. Iye aziona nkhope imodzi yokha."

"Rola, usandilankhule choncho."

"Ndikulankhule bwanji? Ndikuitane dzina liti?"

Ndinatuluka ndi tiyi chifukwa panalibenso china chochita. Palibe anamwa.

* * *

Lachisanu ndinapita ku Balogun ngati ndikukagula nsalu ya lesi. Ndili patali ndinaona anthu ataunjikana pa shopu ya alamu anga, mafoni ali m'mwamba. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Ejiro anali atagwada mawondo onse awiri pakati pa mipukutu ya nsalu, magalasi akuda atawakweza pamutu, alamu anga akumusisita tsitsi.

"Alamu, bwerani mudzaone! Uyu ndi uja Dotun anamutulutsa m'sitima yoyaka moto. Taonani ulemu wake. Wandibweretsera mafuta opaka mawondo."

"Apongozi anandiuza kuti mawondo amawavuta," anatero Ejiro.

Apongozi. Ndinamugwira pamkono n'kumukokera kuseri kwa nsalu.

"Iwe mwana, ukufuna chiyani kwa mayi ameneyu?"

"Ndimawakonda, amayi."

"Kakonde amako."

"Anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

Ndinamusiya mkono. Iye anakonza malaya ake bwinobwino, osapupuluma.

"Ndipo Sanya ndimamufuna, sindikubisirani. Rolayo wanuyo amamuyang'ana ngati waona mzukwa. Kojambulira anasiya kubwera kalekale. Madzulo akamamumatula nkhope ija, khungu likutsalira pa mphira, amagwira mutu wake ndani? Amamupaka mafuta ndani? Ndine. Ine nkhope zonse ziwiri ndimazitha. Iye imodzi yomwe ikumukanika."

Ndili ndi pakamwa, anthu a mumsewu mwathu amadziwa. Koma apa ndinangomusiya ataima pomwepo. Ndinabwerera kwa alamu anga n'kugula lesi amene sindinkamufuna. Akundikulungira anandinong'oneza.

"Mwana ameneyu ndi wabwino. Ndikanakhala wolemba kalata yofunsira ndine, ndikanalembera kwawo kwa iyeyu."

* * *

Tsiku lomwelo ndinaitanitsa Sanya. Tinakumana pa malo ena odyera pafupi ndi siteji ya Yaba. Ndinamugulira amala, nsima ya ufa wa chilazi, iye n'kumangoiboola ndi chala.

"Vula nkhopeyo," ndinatero. "Apongozi ako anena ndi pakamwa pawo kuti ukavula alemba. Kwatsala masabata atatu. Ukachedwa, mayi uja akukwatitsa kwa Ejiro iwe uli maso."

"Azakhali, ndikavula lero, mawa lomwe a Okonta aveka wina. Nkhope ija anaipangira zimenezo. Alipo wina amandilowera m'malo ndikavulala, amayamba kumwa dzuwa lisanatuluke, akazi amawatukwana pamsewu. Ameneyo ndiye azidya nyemba za amayi? Azimuitana kuti Dotun?"

"Zimenezo ndi zako ndi a Okonta ako. Ine ndikufuna kalata."

"Ntchito ina ndilibe. Sukulu ndinalekeza panjira. Chimene ndimatha n'kugwa."

"Wagwa mokwanira. Ukufuna Rolayo kapena mapiko?"

"Rolayo."

"Ndiye pezapo njira. Idya, ikuzizira."

Ine za mafilimu sindizidziwa. Ndinkaganiza kuti kusiya ntchito kulikonse n'chimodzimodzi, umavula yunifolomu n'kuipachika pa msomali.

Patapita sabata ndi theka anandilembera uthenga: "Ndamaliza, azakhali. Ndavula, ndipo palibe wina adzaivalenso. Ndikupita ku Abeokuta kukawapempha amayi kuti adekhe." Ndinathokoza Mulungu. Sindinafunse kuti watha bwanji. Madzulo ake foni yanga inagwera m'ndowa ndikuchapa, n'kupita kwa wokonza.

Lachisanu Rolayo anabwera kwanga maso ali gwa.

"Munati wasiya."

"Wasiya."

"Nanga ichi?"

Chinali chithunzi chatsopano. Ejiro atakhala pansi, mutu wa Awodi uli pamiyendo pake, milomo yake ili pachipumi pa mnyamatayo. M'munsi: "Sindidzakusiya."

"Mwina n'chakale," ndinatero.

"Tsitsi limeneli waluka sabata ino. Ndinamuona nalo ku shopu ya amayi." Foni inalira m'manja mwake, dzina la Sanya likuwala. Anaizimitsa n'kuiponya m'chikwama. "Alembe mpaka zala zitupe. Sindiwerenga."

"Rolayo, nsanje ndi matenda a anthu opanda chochita."

"Ndiye ndilibe chochita, azakhali."

* * *

Lamulungu ndinafika ku Ebute Metta cha m'ma fili. Kumwamba kunali bii. Rolayo anali pakona ya chipinda, akusongola mapensulo osongoka kale. Nkhani yoti Sanya wasiya ntchito anali atawauza kale amake.

Alamu anga anavala nsalu yawo yabwino, ya buluu, ndi duku lake. Pa tebulo panali pepala loyera ndi cholembera. Nditaona zimenezo ndinakhala pansi osauzidwa.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Ndinanena ndi pakamwa panga. Usiku wonse ndalimbana nazo. Mnyamata wasiya chakudya chake chifukwa cha mwana wanga, ine ndingatani? Ndimuone Dotun lero, ndimuuze kuti apite bwino, kenako ndilemba. Koma mundithandize mawu ake, Chingerezi changa n'cha pamsika."

"Ndikuthandizani."

"Akuti aulukira kutali, eti? Anthu oterewa akamachoka amaulukira kumitambo. Ndinaonapo."

"Mwina," ndinatero.

Jenereta inalira, malipenga analira. Awodi anatulukira pa mlatho ngati masiku onse, alamu anga n'kumukweza dzanja. Anamenyana ndi anthu asanu padenga la sitolo, wina n'kumung'amba phiko ndi chikwanje.

"Asa! Tsika, ukasoketse. Usaumirire."

Anatsika. Anayenda pansi ngati munthu wamba, phiko likukwekwereka m'matope. Kenako anationetsa msewu wotsetsereka kuchokera pa mlatho, mayi wogulitsa malalanje akuoloka ndi beseni pamutu, ndi lole ya simenti ikutsika mabuleki ataduka.

Pensulo inagwa m'manja mwa Rolayo.

Awodi anayesa kuuluka, phiko linakana. Anathamanga. Anamukankhira mayi uja kumbali, malalanje n'kumwazika msewu wonse.

Ndinkayembekeza kuti wojambulayo atembenuza makina ake, monga amachitira munthu wa ulemu. Sanatembenuze. Anationetsa zonse. Kenako anayandikira pang'onopang'ono mpaka nkhope inadzaza kanema yense: Dotun ali chagada pa phula, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa, mpata wa mano uja uli ndi magazi. Ejiro anathamangira n'kunyamula mutuwo kuuika pamiyendo pake, n'kumpsompsona pachipumi.

Rolayo anadumpha kuti akazule chingwe kukhoma.

"Siya," anatero amake.

"Amayi, chonde."

"Ndati siya."

Anayang'ana mpaka mapeto. Sanaphethire. Mayina atatha kukwera panabwera malonda a sopo, iwo akuyang'anabe.

"Alamu," anatero, mawu ali phee. "Inu munamuona tsiku lija. Ndi mmene anagonera?"

Ndanamapo zambiri pamoyo wanga, zina kutchalitchi komwe. Apa bodza linakana kutuluka.

"Maso tinamutseka," ndinatero.

Anagwedeza mutu. "Zaka zinayi munandibisira bwino. Zikomo."

Anaimirira, n'kupinda pepala loyera lija pakati, n'kulibwezera m'kabati. Anatenga kalata yagolide pamwamba pa kanema, anauzira fumbi, napukuta riboni ndi nsonga ya nsalu yawo. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Muwabwezere eni ake. Muwauze kuti zipatso zinali zokoma. Muwauzenso kuti mwana wawo wandionetsa chimene dziko lonse linagwirizana kuti ndisachione."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Rolayo anali atayatsa foni yake. Anangondipatsira kuti ndiwerenge ndekha. Mauthenga anali khumi ndi anayi. Woyamba unali wa Lachisanu: "Chithunzicho si chimene ukuganiza. Ndiimbire, pali zoti ndikuuze." Wa Loweruka: "Ndamva kuti gawo lomaliza aliika mawa, osati sabata yamawa monga anandilonjeza. Amayi asaonere. Bisa petulo, chita chilichonse." Wa m'mawa uno: "Azakhali foni yawo sikulowa. Ndanyamuka." Womaliza, wa fili koloko: "Msewu wadzaza, sitikuyenda. Rola, ndapota nawe, tsegula foni."

* * *

Ndinatuluka panja, kalata ili m'manja. Mvula inali itayamba. Maganizo anga anali oti ndikaisunge kwanga masiku awiri atatu mpaka mitima itazizira.

Galimoto yoyera inaima pageti. Anatsikamo Ejiro, atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kumaso osadzola kanthu. Anali atazikonzeratu. Anandigwadira pang'ono n'kudutsa. Ndinamva akugogoda chitseko cha kuchipinda, akuti, "Apongozi, ndine." Chitsekocho chinatseguka. Kenako ndinamva kulira kumene sindinakumve ngakhale zaka zinayi zapitazo, mpaka aneba anatuluka m'makomo mwawo.

Sanya anafika pa njinga yamoto kulirako kuli mkati. Anatsika isanaime, matope mpaka m'mawondo. Anamvetsera, anayang'ana chimene chinali m'manja mwanga, n'kudzigwetsa chafufumimba m'madzi a pageti. Ulendo uno sindinamuuze kuti adzuke.

Rolayo anatuluka wopanda nsapato. Anaima pamutu pake.

"Unadziwa."

"Ndinadziwa," anayankhira pansi pomwepo. "A Okonta anandipatsa ziwiri. Aveke wina, kapena Awodi afe, ine ndisewere imfayo. Sindinafune kuti chidakwa chizivala achimwene ako."

"Ndi lole?"

"Za lole ndinaziona tsiku lojambula. Ndinakana. Anati ukakana tiveka mnzako, asewera ndi iyeyo. Ndinati bola ndikhale ine. Ndimati ndidzakuuza tili awiri, tiwatengere amayi kwinakwake tsiku limenelo. Ndinalemba, Rola. Ndinaimba."

"Unalemba Lachisanu. Unamupha Lachiwiri." Mvula inkatsika kumaso kwake moti sindinadziwe ngati akulira. "Unafunsa a Okonta. Unadzifunsa wekha. Ejiro anadziwa, mpaka anasoketsa zakuda. Ine ndinamujambula ndi dzanja ili, usiku ndi usana zaka zinayi, kuti aziuluka pamwamba pa malole. Sunaone kuti woyamba kumufunsa ndine?"

"Ukanakana."

"Eya, ndikanakana!"

"Ndiye Loweruka likanatipeza chimodzimodzi. Ndimafuna iwe."

"Wandipeza nditaferedwa."

Ndisanazindikire, anatsomphola kalata m'manja mwanga. Anawerama n'kuiika pansi patsogolo pa nkhope ya Sanya, m'matope momwemo.

"Nayi. Namwino uja umupatse moni."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Sanya sanasunthe. Manja ake anali pansi, mbali iyi ndi iyi, ndipo sanawatambasule kuti atenge. Riboni inayamba kusuluka, madzi ofiira akuyenderera kupita kuchibwano chake chosupuka.

Mawondo anga si abwino, koma ndinawerama n'kuitola. Ndinaipukuta ndi duku n'kuilowetsa m'bulauzi.

"Azakhali, wandibwezera," anatero.

"Sanakubwezere kanthu. Kalata sabweza mtsikana, sabweza mayi wake. Imabwezedwa ndi nkhoswe, m'manja mwa amalume ako, pakhomo pawo, masana. Dzuka, anthu akukujambula."

Anadzuka pang'onopang'ono. Pawindo la chipinda nsalu inasuntha. Anali Ejiro, atakumbatira alamu anga ndi dzanja limodzi, akumuyang'ana Sanya kudzera pamwamba pa phewa lawo. Anamukwezera chala kuti adikire.

Sanya anayang'ana windolo, kenako chitseko chimene Rolayo anatseka, kenako ine.

"Amalume abwera Loweruka m'mawa," anatero.

"Ndikudziwa kuwerenga masiku."

Ndinapita kuseri kukazimitsa jenereta, chifukwa panalibe wina woikumbukira. Itazima, kulira kuja kunamveka bwino kwambiri. Kalata yonyowa inkandizizira pachifuwa, ndipo utoto wa riboni unali utalowa kale mu lesi wanga woyera, pamalo oti aliyense aone.